Zimene Ndinaphunzira za Kulemba Nditamera Imvi

Ndifuna kukusimbirani za sukulu imene ndinalowa tsitsi litayamba kuyera, ndi za mlandu wina umene ndinaupeza m'buku lolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Nkhaniyi siindikometsa ine ayi, koma ndayesa kuti nkwabwino ndiinene, pakuti m'mipingo mwathu alipo ambiri ogwira cholembera monga ine: alembi a mpingo, alembi a chigwirizano cha amayi, a komiti ya sukulu, ndi iwo amene anansi awadzera madzulo kuti awalembere kalata.

Ndinatuluka m'sukulu ya aphunzitsi m'chaka cha 1994, chaka chomwe boma linalamula kuti ana aphunzire pulaimale osalipira, ndipo ana anadzaza m'zipinda kufikira ena anakhala pansi pa mitengo. Kuyambira pomwepo ndaphunzitsa pa sukulu za mishoni, ndipo popeza zilembo zanga zinali zoongoka ndi zooneka bwino, mpingo wa kwathu unandisankha ndikhale mlembi wake. Masiku a unyamata wanga yunivesite m'dziko muno inali imodzi yokha, ija inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, ndipo mwana wa mlimi monga ine ankangomva mbiri ya Chancellor College ku Zomba monga timva mbiri ya nyanja ya mchere. Koma pambuyo pake zinachuluka: ya ku Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya Livingstonia mu 2003, ya Akatolika ku Nguludi mu 2006, ndi zinanso, ndipo zina mwa izo zinayamba kulandira aphunzitsi akale pa nthawi ya tchuthi. Momwemo inenso, nditagulitsa mbuzi zitatu ndi matumba a mtedza, ndinalowa pa imodzi ya izo m'chaka cha 2023, ndili ndi zaka 51.

Mwa maphunziro amene anatiikira linalipo lina la kalembedwe ka zantchito: makalata opita ku maofesi, malipoti, maminitsi a misonkhano, ndi makalata opempha thandizo. Nditaona ichi ndinaseka mumtima mwanga, ndi kuti, Ha! kodi adzandiphunzitsanso chiyani ine, amene ndalemba makalata a mudzi wonse zaka 29? Anthu amati tsobola wakale sawawa, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti anyamata a m'kalasimo aone kuti tsobola uyu akali ndi ukali wake.

Wotiphunzitsa anali mayi wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wolankhula mofatsa, wosakonda kubwereza mau. Ntchito yoyamba imene anatipatsa inali kulemba kalata yopempha madesiki a sukulu, ndipo anati isapitirire mau 200. Ine ndinalemba mau oposa 600. Ndinayamba ndi moni wautali, ndinayamika chifundo cha Mulungu chimene chatisunga, ndinasimba mbiri ya sukulu kuyambira tsiku limene anaimanga, ndinaikapo miyambi iwiri, ndipo kumapeto kwenikweni, monga munthu wamanyazi wotchula za ngongole atatsanzika kale, ndinanena za madesiki. Pepala litabwerera, ndinapeza kuti mayi uja sanakhudze kanthu pa zonse ndinazikometsa zija, koma anadula mzere pansi pa chiganizo chotsiriza, nalemba pambali kuti, Kalata yanu yayambira apa.

Ndinapsa mtima masiku awiri. Kwathu munthu safika pakhomo pa mnzake ndi kuyamba kupempha asanafunse za moyo wa ana, ndipo ndinayesa kuti mayiyu afuna kutiphunzitsa mwano wa m'tauni. Koma iye anatifotokozera kuti ulemu wa pa pepala usiyana ndi ulemu wa pakhonde. Pakhonde mwini nyumba aona nkhope yako, ndipo ngati sanamve akufunsa. Koma kalata ifika yokha kwa kalaliki amene ali ndi makalata ena 50 pa tebulo, ndipo kumlemekeza ndiko kumuuza msanga chimene ufuna, kuchuluka kwake, ndi tsiku limene uchifuna. Anatipatsa mafunso atatu oyenera kuyankhidwa cholembera chisanakhudze pepala: adzawerenga ndani, adziwa kale chiyani, ndipo atawerenga ufuna achite chiyani. Lamulungu lotsatira, pomva mau a Uthenga wa Luka m'tchalitchi, ndinakumbuka kuti Lukayo analembera munthu mmodzi womdziwa dzina, ndiye Teofilo, namuuza pachiyambi pomwe chifukwa chake alemba. Ndinawerenga mutu umenewo kawirikawiri pa moyo wanga, koma ichi sindinachisamale ndi kale lonse.

Zina za m'phunziro lija ndingozitchula mwachidule. Tinaphunzira kulemba chinthu chimodzi katatu, kuchisiya chigone usiku ndi kuchidulanso m'mawa. Kuyesa nambala iliyonse tisanaiike. Ndi kutchula mwini wake wa ganizo limene talibwereka. Kompyuta ndinailimbana nayo ndi zala ziwiri, ndipo anyamata anandileza mtima. Zonsezi zinali zothandiza, koma sizo zimene zinandilasa mtima.

Kuti mumve chimene chinandilasa, ndiyenera kubwerera m'mbuyo zaka ziwiri. Mu Okutobala 2021 akulu a mpingo wathu asanu ndi awiri tinakhala pansi kukamba za ndalama K600,000 zimene Akhristu anasonkha kuti tifolere nyumba yopemphereramo ndi malata. Msungichuma wathu anali nkhalamba yofatsa, imene inatumikira mpingo ine ndisanabadwe m'chikhristu. Pa msonkhanowo tinamlola kuti atapeko ndalama zina alipire anyamata oumba njerwa, pakuti khoma la kum'mawa linafunika kukwezedwa poyamba. Tinanenanso kuti ena apite ku boma akagule malata mvula isanagwe. Ine ndinalemba maminitsi a masamba awiri ndi theka. Ndinalemba nyimbo imene tinaimba, mau amene abusa anatilimbikitsa nawo, ndi mwambi umene mkulu wina anaponya. Koma pofika pa ndalama ndinalemba chiganizo chimodzi chokha, ndicho ichi: Nkhani ya ndalama inakambidwa mokwanira, ndipo kunaoneka kwabwino kuti zofunika zichitidwe pa nthawi yake. Ndinachikonda chiganizo chimenechi, pakuti chinamveka ngati cha munthu wophunzira.

Malata sanagulidwe, popeza aliyense anayesa kuti wotumidwa ndi mnzake. Abusa anasamutsidwa, mkulu mmodzi anamwalira, wina anapita ku Joni. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, mitengo ya malata inakwera, ndipo anthu anayamba kufunsa za ndalama zawo. Komiti yatsopano itawerenga inapeza kuti zaperewera. Nkhalamba ija inati, Munandilola ndinu. Otsala a msonkhano uja anakumbuka mosiyana, wina motere wina motere, ndipo abusa atsopano anati, Tsegulani buku. Ndinatsegula, ndinawerenga chiganizo changa chija mokweza, ndipo munalibe dzina la munthu, munalibe nambala, munalibe tsiku. Atandifunsa ngati ndikumbuka kanthu kena, ndinati, Zimene zili m'bukumu ndi zomwezo. Kunena zoona, abale, ndinakumbuka. Koma kuvomera kukadakhala kunena pamaso pa anthu kuti mlembi wawo wophunzira analemba zopanda pake. Nkhalambayo inatula pansi udindo, ndipo kuyambira pamenepo inkakhala pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo, nituluka nyimbo yotsiriza isanathe.

Tsono pa yunivesite paja, titafika pa phunziro la maminitsi, mayi uja anati aliyense abwere ndi chinthu chenicheni chimene analembapo pa ntchito yake, atafafaniza maina, kuti anzake achiwerenge ndi kuchiweruza. Mwa mapepala onse a m'nyumba mwanga ndinasankha maminitsi omwe aja. Kufikira lero sindidziwa bwino chifukwa chake. Kapena mtima unafuna kuti ophunzira a pa yunivesite andiuze kuti ndilibe mlandu.

Anatikhazika awiriawiri, ndipo ine ndinagwera mtsikana amene ndinamphunzitsa ndekha mu Sitandade 5, amene tsopano ali mphunzitsi mnzanga. Analandira pepala ndi manja awiri, naliwerenga kawiri, nakhala chete. Ndinati, Nena, mwanawe, usaope. Ndipo iye, maso ali pansi, anati, Pepani aphunzitsi, Chichewa chake nchokoma ndithu. Koma apa akuti zofunika zichitidwe, azichite ndani? Ndipo zofunikazo ndi ziti? Nthawi yakeyo ndi liti? Ine ndikadakhala msungichuma, sindikadadziwa ngati mwandilola kugwira ndalama kapena mwandiletsa.

Iye sanadziwe kanthu za mlandu wa kwathu, koma anatchula msungichuma. Ndinamva thukuta kumsana ngakhale kunali kozizira.

Pambuyo pake mayi wotiphunzitsa anafotokoza za aneni amene abisa wochita ntchito. Iye ananena za Chingerezi, koma ine ndinaona kuti chinenero chathu chili nawo ochuluka, aja othera ndi -idwa, -edwa ndi -ika, amene ndawaphunzitsa ana pa bolodi chaka ndi chaka. Mwana akagwetsa mbale sanena kuti ndaswa mbale. Ati mbale yasweka, monga ngati mbale inadziponya yokha. Amayi onse adziwa chinyengo chimenechi, ndipo afunsa pomwepo kuti, Waswa ndani? Aneni amenewa sali oipa mwa okha, pakuti ilipo nthawi imene wochita sadziwika, kapena kumtchula kungakhale nkhanza yopanda phindu. Koma m'buku la mpingo, m'mene anthu adzafunamo choonadi ife titapita, chiganizo chopanda mwini chili ngati munda wopanda malire: abale adzakangana nawo. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkalemba kuti anthu atame mlembi, osati kuti wodzatsegula buku apeze chimene afuna. Ndiponso kuti mau ozungulira ndinawakonda chifukwa samangitsa munthu, makamaka samangitsa wolemba.

Mayi uja anatiuza kuti maminitsi abwino asunga zinthu zochepa koma zolimba: amene analipo, chimene anagwirizana, ndalama zake mwa manambala, dzina la wotumidwa, ndi tsiku lomalizira; ndipo awerengedwe pa msonkhano wotsatira, wapampando asaine onse atavomereza. Ichi chotsirizachi ife tinkachichita mwa mwambo chabe, anthu akuyang'ana dzuwa ndi kuganiza za njira ya kwawo. Ntchito ya sabata imeneyo inali kulembanso pepala lathu. Masamba anga awiri ndi theka anasanduka mizere isanu ndi inayi, ndipo nditaiwerenga ndinaona kuti ndalemba umboni umene ndinaukana pamaso pa abusa.

Tchuthi chitatha ndinabwerera kwathu ndi pepalalo m'thumba, ndipo linakhala m'menemo masabata atatu. Kulemba mizere isanu ndi inayi kunali kwapafupi. Njira ya kunyumba kwa nkhalamba ija, imene mwana aiyenda kapu ya tiyi isanazizire, ndiyo inandikulira. Tsiku lina Loweruka madzulo ndinapita. Ndinawapeza akusoka mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo anandipatsa mpando, iwo nakhala pa mwala. Titafunsana za moyo, ndinati, Bambo, ndadza ndi mlandu wanga, si wanu ayi. Ndinawauza zonse, ndi za mtsikana uja zomwe, ndipo ndinawawerengera chikalata chimene ndinakonza kuti ndikachiwerenge pa bwalo la akulu a mpingo: kuti ine mlembi ndinalipo pa msonkhano wa Okutobala 2021, kuti akulu asanu ndi awiri tinalola msungichuma kulipira oumba njerwa K180,000, kuti sindinalembe ichi m'buku, ndi kuti pofunsidwa mu 2022 ndinabisa chimene ndinakumbuka.

Iwo sanaleke kusoka kufikira nditatha. Pamenepo anati, Werenganinso, aphunzitsi. Ndinawerenganso. Ananyamuka pang'onopang'ono, nalowa m'nyumba, natuluka ndi buku lawo la nyimbo lomangidwa ndi mphira. M'kati mwake munali kapepala kong'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu, kokhala ndi zidindo za zala zitatu za anyamata oumba njerwa. Anati anakaonetsa kale pa tsiku la mlandu, koma anthu anayankha kuti kapepalako kaonetsa kuti ndalama zinatuluka, sikaonetsa kuti analoledwa.

Ndipo anandiloza pa nambala, nati, Apa mwalakwitsa. Sizinali 180,000, zinali 185,000, pakuti 5,000 inapita kwa amayi otunga madzi. Mukakawerenga yolakwika adzatinso zina ndinadya.

Ndinaika pepala pa bondo langa, ndinafafaniza, ndinalemba nambala yoona ndi za amayi otunga madzi. Chikalatacho ndinachiwerenga pa bwalo la akulu mwezi womwewo, ndipo chinalowa m'buku, abusa nasaina pansi pake. Udindo wa msungichuma nkhalambayo inaukana, niti maso afooka. Koma inabwerera pa benchi lake lakale la kutsogolo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, ndipo ndalama zotsala zija zinagula malata okwanira mbali imodzi yokha ya denga. Mbali inayo tinaifolera ndi udzu, ndipo mvula ikamagwa a kwaya asunthira kumene kuli malata.