Magazi anapeza njira ina

Ndine mlimi wa fodya wa ku Nsaru, ndipo sitiroko inandigwetsa m'chigafa nthawi yosoka fodya. Koma sinabwere mwadzidzidzi monga anthu amanenera. Kwa miyezi yambiri m'mbuyomo dzanja lamanja linkachita dzanzi, khasu n'kupulumuka, pakapita mphindi zochepa mphamvu n'kubwereranso. Tsiku lina lilime linalemera ndikupereka moni pamaliro, anthu n'kumayesa ndalawira kachasu. Ena ankati ndi mphepo, ena ankati alipo amene wadana ndi fodya wanga. Poti zinkatha zokha, za chipatala sizinatchulidwe n'komwe.

Tsiku logwalo kamwa linapotoka, mwendo wamanja unakana. Ndinkawamva mayi akunyumba akufuula kuti, “Abambo, tayankhulani!” Mawu ndinali nawo m'mutu, koma pakamwa pankangotuluka malovu. Ku chipatala cha Kabudula anapeza BP itakwera kwambiri, ananditumiza ku Kamuzu Central. Kumeneko anandijambula mutu, kenako anandiunika pakhosi ndi makina omwe aja ounikira amayi oyembekezera.

Adokotala anatenga pepala n'kujambula. Anati magazi amakwera ku ubongo kudzera m'mitsempha inayi, iwiri kutsogolo kwa khosi, iwiri kumbuyo motsatira mafupa. Pansi pa ubongo mitsemphayi imalumikizana mozungulira, ndipo malowo amawatcha ndi dzina la Thomas Willis, dokotala wa ku England amene anawafotokoza mu 1664. Mtsempha wanga wakutsogolo kumanzere unali utatsala pang'ono kutsekeka ndi mafuta olimba, chifukwa cha BP yosathandizidwa ndi chingambwe chimene ndinkasuta kuyambira ndili mnyamata. Ubongo wakumanzere ndi umene umayendetsa dzanja ndi mwendo wakumanja, ndiponso kwa anthu ambiri ndiwo umasunga mawu.

“Madala,” anatero, “mtsempha wotere ukanatsekeka tsiku limodzi, sitikanacheza pano.”

Apa mpomwe ndinamvetsetsa chimene chinandisiya ndi moyo. Ubongo ndi kanthu kochepa, magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wabwino wonse umene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo ukasowa kwa mphindi zowerengeka umayamba kufa. Mtsempha wanga unkachepa pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, choncho thupi linapeza mpata. Magazi a kumanja anayamba kuwolokera kumanzere pa malo olumikizana aja, timitsempha tating'ono ta pamwamba pa ubongo tinakula, magazi ena n'kumalowa kudzera ku mitsempha ya kumaso. Zili ngati mlatho ukakokoloka ndi madzi: akabaza amatsegula kanjira m'munda, ndipo akamadutsapo tsiku ndi tsiku kanjirako kamakula. Koma lole ya mabelo singadutsepo. Dzanzi lija linali nthawi zimene tinjirato tinkalephera katundu kwa kanthawi, kapena kachidutswa ka magazi oundana katatseka penapake n'kusungunuka. M'chigafa muja ndinali nditatuluka thukuta tsiku lonse osamwa madzi, ndipo kachigawo ka ubongo kanafa, kamene ndinakaona ndekha pachithunzi ngati kadontho kakuda.

Si munthu aliyense ali ndi mwayi umenewu. Anandiuza kuti anthu ambiri amabadwa malo olumikizanawo ali osakwanira, n'chifukwa chake awiri angadwale mofanana, wina n'kudzuka, wina ayi. Amene amanena za ufiti sindikangana nawo, ndi abale anga, anandinyamula pa ngolo. Koma ine chithunzi ndinachiona.

M'mayiko ena amang'amba khosi n'kupala mafutawo. Ine anandipatsa asipirini, mankhwala a BP ndi ena ochepetsa mafuta m'magazi, oti ndizimwa moyo wanga wonse. Mafizo anali owawa: kutola nyemba imodziimodzi, kubwereza mayina a ana anga mpaka lilime litamvera. Lero khasu ndimagwira, ngakhale mabatani a malaya amandimangira mayi. Chingambwe ndinasiya, mchere wapambale tinachotsa, ndipo kumunda sindipita popanda chigubu cha madzi.

Mng'ono wanga amakhala kufupi ndi Namitete. Atandiuza mwanthabwala kuti nayenso mkono umamuthawa nthawi zina, sindinaseke. Ndinamuperekeza ku chipatala cha St Gabriel m'mawa mwake, ndipo BP yake inapezeka yoposa yanga ija. Pano tonse timamwa mankhwala, ndipo amene wasowa mapilitsi mwezi usanathe amaimbira mnzake.