Buku lili ndi mfiti mkati: tiliwotche kapena tiliwerenge?

Lero nkhani ndi yaitali pang'ono, pezani pokhala.

Ana athu, makamaka a sekondale, akonda maningi nkhani zopeka zija azungu amati fantasy: zinjoka zouluka zolavula moto, nyama zolankhula, mphete zamatsenga. Ena amabwereka mabukuwa kwa anzawo, ena amagula pa mulu wa mabuku akale mu tauni, ambiri akuwerengera pa foni ndi ma bundle amene munagula ndinu. Inu amai mukaona pachikuto pali nkhalamba yogwira ndodo yamatsenga, mtima umagunda. Ine sindikusekani. Kwa mwana wa ku London mfiti ndi chithunzi chabe. Kuno tinaona mabanja akupasuka, agogo akuthamangitsidwa m'mudzi chifukwa wina wawatchula.

Ndipo Mau a Mulungu sabisa. Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza, kukhwima ndi kufunsira kwa akufa. Pa Machitidwe 19, anthu a ku Efeso atatembenuka mtima anaotcha mabuku ao amatsenga, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Koma tione bwino. Amene anapsa aja anali mabuku ophunzitsa kuchita matsenga, ngati buku la malangizo a makina. Sanali nthano iyai. Nthano zili m'Baibulo momwemo. Pa Oweruza 9, Yotamu akusimba za mitengo imene inapita kukafuna mfumu: mtengo wa azitona unakana, mkuyu unakana, mpesa unakana, chitsamba cha minga ndiye chinavomera. Kodi mitengo imalankhula? Koma anthu a ku Sekemu anamva kuti akunena Abimeleki. Mneneri Natani nayenso anagwira mfumu Davide ndi nkhani yopeka ya kamwana ka nkhosa. Ngakhale ife tinakula ndi Kalulu ndi Fisi madzulo pamoto, ndipo palibe anapita kwa sing'anga chifukwa Kalulu analankhula.

Manje tisiyanitse bwanji? Ine ndimayang'ana chinthu chimodzi: nkhaniyo ikuphunzitsa mtima wa mwana chiyani pa za mphamvu. Kumbukirani Simoni wa ku Samariya pa Machitidwe 8. Anaona atumwi akusanjika manja, anthu nkulandira Mzimu Woyera, iye nkutulutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petro anamudzudzula koopsa. Mtima wa matsenga ndi umenewo: ndipeze mphamvu mwachidule, ikhale yangayanga, mtengo wake alipire wina. Inu a pamsika mukuudziwa bwino, pakuti amabwera anthu kukunong'onezani za mankhwala oitanira makasitomala, ndipo mumadziwa kuti chizimba chake sichikhala chaulere. Buku loti ngwazi yake ili ndi mtima wa Simoni, nipambana nao, anthu nkumaiombera m'manja, limenelo ndi loipa ngakhale musakhale mfiti ndi imodzi yomwe. Koma buku loonetsa munthu akukana mphamvu yotere, kapena akudzipereka chifukwa cha mnzake, likhoza kumanga mwana ngakhale zinjoka zili mbwee.

Ndikupatseni zitsanzo. C.S. Lewis anali wa mpingo wathu wa Anglican, mkhristu wamba wosadzozedwa unsembe, mphunzitsi ku Oxford kenako ku Cambridge. Analemba mabuku 7 a Narnia, otuluka kuyambira 1950 mpaka 1956. Loyamba kutuluka, The Lion, the Witch and the Wardrobe, mfiti ili pa dzina penipeni. Koma mverani. Mnyamata Edmund akupereka abale ake kwa mfiti ija chifukwa cha maswiti ndi lonjezo la ufumu. Mwa lamulo la dziko limenelo, wopereka anzake ndi wa mfitiyo, ayenera kufa. Mkango Aslan, mwini dziko, ukudzipereka m'malo mwake, akuumeta, akuuseka, akuupha pa gome lamwala, m'mawa mwake ukuuka. Mwana wa Sande sukulu sasowa womuuza kuti akumva za ndani. Awa mungapatse ngakhale wa Grade 5.

Mnzake wa Lewis anali J.R.R. Tolkien, Mkatolika, wobadwira ku Bloemfontein mu 1892, amene anathandiza Lewis kubwerera ku Chikhristu mu 1931. The Hobbit linatuluka mu 1937, The Lord of the Rings mu 1954 ndi 1955. Nkhani yonse yagona pa mphete ya mphamvu imene imaononga aliyense woisunga. Gandalf wanzeru uja ataipatsidwa akuikana, podziwa kuti ngakhale ataivala ndi cholinga chabwino idzamusandutsa chilombo. Boromir akuifuna kuti apulumutse dziko lake, nagwa nayo. Ulendo wonse wa Frodo ndi wopita kukaitaya m'moto. Ndipo pomaliza Frodo mwiniyo akulephera, mphete ikuonongeka kudzera mwa Gollum, wonyansa uja amene anamuchitira chifundo osamupha. Nkhani yotere ndingakonde mnyamata aliyense aiwerenge asanayambe kufunafuna ndalama. Chizungu chake ncholimba, ndiye ndi ya a Grade 10 kupita m'mwamba.

Harry Potter ndiye wavuta. Mabuku 7 a J.K. Rowling, 1997 mpaka 2007. Pano akhristu okhulupirika amasiyana maganizo, ndipo ndinene zoona mbali zonse. Mbali ina, Harry anapulumuka chifukwa amai ake anamufera, ndipo mdani wake Voldemort ndi munthu woopa imfa amene amapha anthu kuti iye asafe, wokhwima weniweni, ndipo buku silimutama. Mbali inanso, ana abwino a m'nkhanimo ali pa sukulu yophunzira matsenga, ndipo mabuku omaliza ali ndi imfa ndi mdima wambiri. Maganizo anga ndi awa: kwa ana aang'ono dikirani. Mwana amene amalota zoopsa, kapena pabanja pamene pali kale mantha ndi kulozana zala, lisiyeni, mabuku ena alipo. Wamkulu wokhazikika angawerenge inu mukucheza naye. Ndipo Aroma 14 atiletsa kuweruzana pa zotere: banja lokana lisanyoze lolola, lolola lisaseke lokana.

Alipo ena oti muchenjere nao ngakhale chikuto chili chokongola. Philip Pullman, wolemba His Dark Materials, sabisa kuti sakhulupirira Mulungu ndipo anadzudzula poyera mabuku a Narnia. M'nkhani zake bungwe looneka ngati mpingo ndilo lozunza ana. Amalemba mwaluso, nchifukwa chake si buku losiyira mwana yekha. A Game of Thrones ndi la akuluakulu, muli chiwerewere ndi nkhanza zoonekeratu. Ndipo nkhani zambiri za pa foni, monga za pa Wattpad, zokamba za kukondana ndi mimbulu kapena oyamwa magazi, vuto lake lalikulu si matsenga. Zimaphunzitsa mtsikana kuti mwamuna wansanje, womulonda, womuopseza, ndiye wachikondi. Chimenecho chidzamupweteka m'banja kuposa chinjoka chili chonse.

Mwina mukuti, a lay reader, ine Chizungu changa ndi cha pamsika, nthawi yowerenga masamba 500 ndiipeza kuti? Simusowa kuwerenga lonse. Madzulo posenda nyemba kapena powerengera za tsikulo, muuzeni mwana akusimbireni m'Chinyanja ngati nthano. Ndiye mumufunse: wabwino ndani m'nkhanimu, ndipo wachita chiyani kuti umutche wabwino? Mphamvu zake wazipeza bwanji, ndipo walipira ndani? Woipa akuthera kuti? Iwe ukufuna kufanana ndi uti? Mayankho ake adzakuuzani zambiri kuposa chikuto. Tomato simugula poona wa pamwamba pa bokosi, mumapisa dzanja pansi. Mukakayika, tengerani bukulo aphunzitsi a Sande sukulu kapena abambo ansembe alione. Ndipo ngati buku kapena tsamba la pa intaneti likuuza mwana kuti ayese yekha, ayatse makandulo, atchule mau akuti, aitane mizimu, pamenepo palibenso zokambirana. Imeneyo si nthano, ndi zija za ku Efeso.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Mukapeza buku lokukayikitsani, musatche mwana wanu mfiti kapena wa Satana. Musamukokere kokamutulutsa ziwanda chifukwa cha nkhani ya mkango. Mau amenewo samachoka msanga mumtima wa mwana, ndipo a pafupi akamva sadzaiwala. Mukang'amba buku mwaukali, mawa adzawerengera pa foni pansi pa bulangeti, ndipo sadzakuuzaninso kanthu. Mwana wokonda kuwerenga ndi mphatso. Amene wazolowera kutsata nkhani yaitali mpaka kumapeto sadzavutika ndi Genesis kapena Machitidwe. Paulo pa 1 Atesalonika 5 anatipatsa ntchito ya kuyesa zinthu ndi kusunga zabwino, ndipo kuyesa kumafuna kukhala pansi ndi kumvetsera.

Sabata ino funsani mwana wanu chimene akuwerenga, mumve mpaka amalize musanayankhe.

Tipemphere. Atate wakumwamba, Inu amene Mwana wanu anatiphunzitsa m'mafanizo, tipatseni nzeru pa zimene zikulowa m'mitima ya ana athu. Chotsani mantha m'nyumba zathu, mutiteteze ife ndi iwo ku chilakolako cha mphamvu zachidule, kunyumba ndi pamsika pomwe. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Mugulitse bwino lero. Ambuye akhale nanu.