Madzi a pamsana omwe amayi ankawaopa

Foni inalira usiku wa Lachinayi ndili mkati mochonga mayeso a Folomu 3. Anali achemwali anga, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Mawu awo anali otsika. Anati diso lakumanzere lakhala likuchita chidima kwa milungu itatu, ndipo mwendo umodzi ukuchita dzanzi ngati si wawo. Madokotala anali atawajambula kale mutu ndi makina a MRI, ndipo tsopano ankafuna kuwatenga madzi a pamsana. Pomaliza anati: "Achimwene, mukawauze ndinu amayi. Ine sindingathe."

Ndinadziwa chomwe ankaopa. Pakhomo pathu ukangotchula madzi a pamsana, anthu amaganiza za maliro. Zaka zambiri zapitazo amalume anagonekedwa m'chipatala mutu ukuwawa koopsa, khosi litauma. Anawatenga madziwo Lachiwiri, Lachisanu tinalira. Chiyambire pamenepo amayi amakhulupirira kuti singano ya pamsana ndiyo inawamaliza, ndipo m'midzi mwathu muno alipo ambiri oganiza chimodzimodzi.

Loweruka ndinakwera njinga kupita kumudzi. Amayi anandimvetsera akutongola chimanga, kenaka anaika chitsononkho pansi nati: "Uwauze akane. Munthu akamuchotsa madzi amenewo amauma." Ndinasowa choyankha. Chaka chilichonse ndimajambula mtsempha wa ubongo pa bolodi, ana n'kumakopera, koma za madzi amenewa ndinkangodziwa mzere umodzi wa m'buku wonena kuti amateteza ubongo. Ndinapempha amayi kuti andipatse masiku angapo, ndipo ndinathera ndalama zambiri pa bandulo ndikuwerenga.

Choyamba chomwe ndinapeza n'chakuti madziwa si a m'chitsime chouma. Munthu wamkulu amakhala nawo pafupifupi mamililita 150, osadzaza n'komwe botolo la Fanta, koma thupi limapanga pafupifupi mamililita 500 tsiku lililonse. Ndiye kuti amasinthidwa katatu kapena kanayi patsiku. Amapangidwa m'timapanga ta mkati mwa ubongo, n'kuzungulira ubongo ndi chingwe cha mitsempha cha mumsana, kenaka n'kubwerera m'magazi. Dokotala amatengako timasupuni tochepa, ndipo thupi limabwezeretsa pa maola ochepa. Singano imalowa m'munsi, cha m'chiuno, pomwe chingwe chija chathera kale. Njirayi si yachilendo: dokotala wa ku Germany, Heinrich Quincke, anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1891.

Matenda omwe madokotala ankawaganizira achemwali amatchedwa multiple sclerosis, mwachidule MS. Mitsempha ya muubongo ndi mumsana imakutidwa ndi chofunda chamafuta chotchedwa myelin, chomwe chimathandiza kuti uthenga uziyenda mwachangu. Mwa munthu wa MS, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kudya chofundacho, ndipo pamalopo pamatsala zipsera. Uthenga ukafika pachipsera umachedwa kapena kuima kumene. N'chifukwa chake diso limachita chidima, mwendo n'kuchita dzanzi. Jean-Martin Charcot anawafotokoza bwino matendawa ku Paris mu 1868. Chiwerengero cha mu 2020 chinasonyeza kuti anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse ali nawo, ambiri mwa iwo akazi, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 20 ndi 40. Ndi ofala m'maiko ozizira, ndipo Scotland ili m'gulu la maiko omwe ali ndi odwala ambiri. Kuno kwathu samveka kwenikweni, ngakhale tiyeneranso kukumbukira kuti makina a MRI ndi madokotala a mitsempha ndi owerengeka.

Nanga madzi a pamsana akukhudzidwa bwanji? Kuseri kwa sukulu yathu kumadutsa kamtsinje. Madzi ake akafiira timadziwa kuti kumtunda kwagwa mvula, ndipo akachita thovu timadziwa kuti wina akuchapa. Sitichita kupitako. Ubongo nawo dokotala sangautsekule kuti aone, koma madzi omwe amausambitsa amatsika ndi zotsalira za zonse zomwe zikuchitika kumeneko.

Zina mwa zotsalirazi madokotala amazidalira kale. Mu 1942 Elvin Kabat, ku New York, anaona kuti madzi a odwala MS amakhala ndi mapuloteni ambiri a chitetezo cha m'thupi. Masiku ano mapuloteniwa amawayala m'labotale n'kuoneka ngati timizere, totchedwa oligoclonal bands. Timizereti tikapezeka m'madzi a pamsana koma osapezeka m'magazi, ndiye kuti nkhondo ikumenyedwa mkati mwenimweni mwa ubongo. Mwa odwala MS 10 alionse a ku Ulaya, pafupifupi 9 amapezeka nato. Madzi omwewo amathandizanso kuchotsa matenda ena pamndandanda. Shuga wa m'madziwa amakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a shuga wa m'magazi. Pa matenda oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya kapena TB, shugayu amatsika kwambiri, pomwe pa MS amakhala bwinobwino.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri, monga mphunzitsi wa Biology, ndi nkhani ya momwe maselo a ubongo amadyera. Selo lililonse lili ndi timafuwa take totchedwa mitochondria, pomwe shuga amapserera kuti patuluke mphamvu. Mtsempha womwe wavulidwa chofunda chake umafuna mphamvu zambiri kuti utumize uthenga womwewo, chonsecho kutupa kumakhala kwawononganso timafuwa tija. Zikatero shuga sapsa mokwanira, ndipo pamatsala lactate, ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Akafukufuku apeza kuti lactate amakwerako m'madzi a pamsana a odwala ambiri a MS. Apezanso kuti glutamate, mankhwala omwe mitsempha imatumizirana uthenga, amachuluka matenda akabuka, ndipo akachuluka mopyola amavulaza mitsempha yomweyo. Njira yomwe thupi limagayira tryptophan, yemwe timamupeza m'zakudya zomanga thupi, nayo imapotoka, n'kumatulutsa zina zoteteza mitsempha ndi zina zoiwononga mosalingana. Palinso neurofilament, tizidutswa ta mkati mwa mtsempha tomwe timatayikira m'madzi mtsemphawo ukamaphwasuka.

Zambiri mwa izi zikadali m'manja mwa akafukufuku, ndipo palibe dokotala anganene kuti munthu ali ndi MS poyeza lactate yekha. Koma chomwe akufunafuna n'chachikulu. Mankhwala omwe alipo amachepetsa kubuka kwa matenda pogwira chitetezo cha m'thupi, komabe odwala ena amapitirira kufooka pang'onopang'ono ngakhale matenda asakubuka. Ngati kufookako kukuchokera ku njala ya mphamvu m'mitsempha, madzi a pamsana akhoza kudzachenjeza msanga, munthu asanayambe kuyendera ndodo.

Nditabwerera kumudzi sindinatchule lactate kapena Charcot. Ndinawauza amayi za kamtsinje kaja, ndi kuti madzi otengedwawo amabwerera tsiku lomwelo. Kenaka ndinalimba mtima n'kufunsa: "Kodi amalume anadwala masiku angati tisanapite nawo kuchipatala?" Anakhala chete. Tonse tinkadziwa kuti inatha milungu iwiri tikuyesa za m'midzi. Matenda oumitsa khosi amapha ambiri, makamaka ofika mochedwa, ndipo odwala omwe amatengedwa madziwa nthawi zambiri amakhala omwe ali kale kayakaya. Maliro akachitika timakumbukira singano, n'kuiwala milungu ija. Pa mtundu wina wa matendawa, woyamba ndi kafangasi kotchedwa cryptococcus, kuchotsa madzi ndi mbali ya chithandizo, chifukwa kumachepetsa kupanikizika m'mutu.

Sindinawabisire kuti singanoyi ili ndi zovuta zake. Ena amamva mutu kwa masiku angapo, ndipo pali odwala ena omwe dokotala amayamba wawapima n'kuona kuti sayenera kutengedwa madziwa. Amayi sananene kuti avomera. Anangoti: "Ukamawaimbira, undipatse ndipemphere nawo."

Achemwali anatengedwa madzi Lolemba lotsatira. Mutu unawapweteka masiku atatu, makamaka akadzuka. Patatha milungu ingapo zotsatira zinabwera: shuga ali bwino, tizilombo palibe, timizere tija tilipo. Pophatikiza ndi zithunzi za MRI, madokotala anatsimikiza kuti ndi MS, ndipo anawayambitsa mankhwala. Matendawa sachizika, ndipo palibe angalonjeze momwe adzayendere zaka khumi zikubwerazi. Diso linabwerera, koma mwendo umatopa msanga. Ntchito akugwirabe, ngakhale anasiya ya usiku.

Temu ino nditafika pa mutu wa mitsempha, ndinafunsa ana a Folomu 4 kuti ndi angati anamvapo zoti madzi a pamsana amapha. Pafupifupi kalasi yonse inakweza manja. Tsiku limenelo silabasi inadikira. Ana amenewa mawa ndiwo adzakhale pambali pa bedi la mayi kapena mwana wawo, dokotala akupempha chilolezo, ndipo sindikufuna kuti adzakane chifukwa cha maliro omwe sanawamvetse.

Amayi akadali ndi mantha awo. Koma mwezi watha mdzukulu wa anansi awo atagonekedwa ndi khosi louma, ndinamva kuti ndiwo anauza makolo ake kuti asathawe naye m'chipatala.