Chotupa cha madzi pa impso: zaka 7 chichitireni opaleshoni

Moni aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga pa Bayoloje. Mwezi uno awiri mwa inu mwandilembera kuti wina mayi ake, wina malume ake, awapeza ndi chotupa pa impso atawajambula sikani, ndipo kunyumba tulo palibe. Ndati ndiyankhire pano poti nanenso ndinadutsamo.

Chimene madokotala amachitcha simple cyst ndi kathumba kopyapyala kodzadza madzi okhaokha. Si khansa. Timatumba timeneti timabwera ndi ukulu, ndipo anthu ambiri opitirira zaka 50 ali nato koma sadziwa, chifukwa sitipweteka. Mu 1986 dokotala wa ku New York, Morton Bosniak, anagawa zotupa za pa impso m'magulu malinga ndi maonekedwe ake pa chithunzi. Gulu loyamba n'losaopsa, pamene lachinayi nthawi zambiri imakhala khansa. Choncho funso loyamba kwa adokotala likhale lakuti, "Chili m'gulu liti?" Chikakhala m'gulu loyamba ndipo sichikuvuta, amangochisiya.

Changa chinakula mpaka masentimita 8. Ndikaima pa bolodi mapiriyodi awiri, m'nthiti kumanzere munkachita ngati mwaikidwa mwala. Poyamba anandibaya singano yaitali akuyang'ana pa sikani, n'kupopa madzi onse, kenako n'kuthiramo ethanol kwa mphindi zingapo kuti awotche khungu la m'kati, n'kumupopanso. Ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ndinapeza bwino, koma patatha zaka ziwiri ululu uja unayambiranso.

Amene munamvetsera mu Fomu 3 mukudziwa kale chifukwa chake. Madziwo amapangidwa ndi maselo a pa khungu la kathumbako. Kungopopa kuli ngati kukapa madzi pa chitsime: mawa mupeza chadzadzanso. N'chifukwa chake kupopa kokha, popanda mankhwala, kawirikawiri chotupa chimabwerera. Ethanol amathandiza kwambiri, koma akatsala maselo amoyo ntchito imayambiranso, makamaka pa chotupa chachikulu.

Kachiwiri anandichita opaleshoni yotchedwa laparoscopy. Anandigoneka tulo, anaboola timabowo titatu, n'kulowetsa kakamera ndi zipangizo, n'kudula denga la kathumbako kuti madzi asapezenso podikha. Ndinagona m'chipatala masiku awiri, ndipo patatha masabata awiri ndinali m'kalasi. Zaka 7 zadutsa, sikani ikuonetsa impso yabwinobwino. Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe madokotala aona pa odwala ambiri: njira ya singano ndi yopepuka ndiponso yotchipa, koma ya kakamera ndi imene chotupa sichibwerera kawirikawiri. Kwa agogo amene thupi lawo silingapirire mankhwala ogonetsa, singano ikhoza kukhala yoyenera. Asankhe ndi adokotala amene awaona.

Chenjezo langa ndi ili. Zotupa zikakhala zambirimbiri pa impso zonse ziwiri, ndipo kumtundu kwanu ena anadwalapo impso, akhoza kukhala matenda ena otengera kwa makolo, otchedwa polycystic kidney disease, ndipo amenewo amafuna kuwatsatira. Mukaona magazi mu mkodzo kapena thupi likutentha, musadikire malipiro a mwezi.

Musathamangire kugulitsa mbuzi chifukwa cha mawu oti chotupa. Sungani pepala la sikani, muziyezetsa BP, ndipo mupite nawo limodzi odwalawo kuti mukafunse bwino.

Apatseni moni kunyumba. Ine ndibwerere ku mulu wa makope.