KU HARO, KUMENE VINYO ALINDIRA ZAKA ASANAFIKE PA MBALE

KUMPOTO kwa dziko la Spain, pamene mtsinje wa Tirón uthira madzi ake mu mtsinje waukulu wa Ebro, pali tauni yaing'ono yochedwa Haro. Anthu ake ali pafupi 12,000 cabe, koma dzina lake limveka kutali cifukwa ca vinyo wofiira wa m'cigawo ca Rioja. Tauniyi iri pa citunda, ndipo ponseponse pozungulira pali minda ya mpesa yofika mpaka m'tsinde mwa mapiri amene achinga mphepo yozizira yocokera kunyanja.

Mlendo wotsikira ku siteshoni ya sitima apeza nyumba zikuluzikulu zamiyala zitandandalika m'mbali mwa njanji. M'nyumbazi ndi m'mapanga okumbidwa pansi pake muli migolo yamatabwa zikwizikwi yodzaza ndi vinyo amene sadzamwedwa caka cino kapena ca mawa.

Nchitoyi inakula cifukwa ca tsoka la anthu ena. Ca m'ma 1863 kacirombo kakang'ono kochedwa phylloxera, kocokera ku America, kanayamba kudya mizu ya mipesa ku France, minda yambiri nkuuma. Amalonda a ku Bordeaux anaoloka mapiri kudzagula vinyo ku Rioja, ndipo njanji yopita ku doko la Bilbao, imene inatsegulidwa m'caka comweco, inapeputsa mtengatenga. Pamodzi ndi ndalama zao, alendowo anafalitsa luso losunga vinyo m'migolo ya mtengo wa oki. Motero makampani anamangidwa pafupi ndi siteshoni: López de Heredia mu 1877, CVNE mu 1879 ndi La Rioja Alta mu 1890. Kacirombo kaja kanafikanso ku Rioja mu 1899, ndipo alimi anapulumuka pomezanitsa mipesa yao pa mizu ya mipesa ya ku America, imene kacirombo sikaigonjetsa.

Mphesa zimene zilimidwa kwambiri kumeneko ndi za mtundu wa Tempranillo, ndipo zikololedwa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Zitafinyidwa ndi kuwira, vinyo athiridwa m'migolo ya malita 225, ndiwo mabotolo 300 mgolo umodzi. Lamulo la cigawoco linena nthawi imene vinyo wofiira ayenera kugona asanagulitsidwe. Wochedwa Crianza agona zaka 2, Reserva zaka 3, ndipo onse awiri atha caka cathunthu kapena kuposa ali mumgolo. Gran Reserva agona zaka 5, ziwiri mwa izo mumgolo. Makampani ena apitirira pamenepo mwa kufuna kwao. A López de Heredia, amene apala okha migolo yao, asunga vinyo wao wa Viña Tondonia Reserva zaka 6 mumgolo asanamthire m'botolo.

M'mapangamo muli mdima ndi cinyontho, ndipo kuzizira kwake sikusintha kwenikweni dzinja ndi cirimwe. Nthawi ndi nthawi anchito atsanula vinyo kucokera mumgolo wina kupita mu wina kuti masese atsale pansi. Ena acita ici ataunika ndi kandulo, ndipo akangoona kuti vinyo wayamba kuda, atseka mpopi. Pofuna kumyeretsa, makampani osunga mwambo wakale athiramo coyera ca mazira a nkhuku, cimene cikokera zinyalala pansi. Kampweya kolowa pang'onopang'ono m'matabwa ndiko kafewetsa vinyo.

Vinyo wofiira watsopano aumitsa m'kamwa monga mmene icitira nthoci yosapsa. Zaka zikamapita, ukali umenewu ucepa. Maonekedwe nawonso asintha: kufiira kodera kuja kuyamba kunga njerwa yoocha, makamaka m'mbali mwa tambula. Pfungo la zipatso zaziwisi lizirala, m'malo mwake mumveka la zipatso zouma, la cikopa, ndi la fodya wopacikidwa m'cigafa.

Botolo lakale lifuna ulemu. Eni nyumba aliimika ciriri tsiku lathunthu kuti masese akhazikike, ndipo potsegula asamala cifukwa cotsekera cake cimafumbutuka cikakalamba. Vinyo sayenera kutentha kapena kuzizira kwambiri. Madigiri 16 mpaka 18 ndiwo oyenera. Mwini nyumba ayamba wathira pang'ono m'tambula yake ndi kununkhiza. Akamva pfungo longa la thumba lonyowa lobvunda, adziwa kuti cotsekera cinaononga vinyo, ndipo zaka zonse zija zapita pacabe. Akapeza kuti ali bwino, athirira alendo. Wotere salindira mawa, pakuti vinyo wokalamba kwambiri akakumana ndi mpweya atha mphamvu msanga.

Cimene cidabwitsa mlendo ndi cakudya cimene anthu a ku Rioja adyera vinyo wa mtengo wapatali cotere. Ndi cakudya ca kumunda, ca anthu ogwira khasu. Cochuka kwambiri ndi mbatata za kacewere zophikidwa pamodzi ndi anyezi, tsabola wouma wosawawa ndi soseji ya nkhumba yochedwa chorizo. Amai sadula mbatatazo mpaka kumapeto. Alowetsa mpeni pang'ono nkubenthula, kuti ufa wa m'mbatata utuluke ndi kulimbitsa msuzi. Cina ndi nyemba zoyera zochedwa pochas, zothyoledwa zisanaume. Cacitatu ndi nthiti za mwana wa nkhosa zoocha pa makala a nthambi za mpesa zimene alimi adulira m'nyengo yacisanu ndi kuzimanga m'mitolo. Nthambizi ziyaka msanga, ndipo pa nyamayo saikapo kanthu kena koma mcere.

Pali nzeru pa kasankhidwe kameneka. Mafuta ndi mcere za m'nyama zicepetsa kuuma kwa vinyo m'kamwa, pamene kuwawasa kwa vinyo kutsuka mafuta palilime, munthu nkulakalakanso nthongo ina. Cifukwa cace mphika wa mbatata ndi soseji, umene uli ndi pfungo lamphamvu, uyenda bwino ndi Crianza amene akali ndi nyonga. Nyama ya nkhosa yoocha, kapena yophika nthawi yaitali pa moto wocepa, iyenera Reserva kapena Gran Reserva. Tsabola wowawa kwambiri ndi zakudya zotsekemera ndi adani a vinyo wakale, pakuti zikwirira kukoma konse kumene anthu analindira zaka. Ndipo amwa pang'ono, pakati pa cakudya, popeza ukali wace ndi magawo 13 kapena 14 pa 100 alionse, kuposa mowa wa m'botolo pafupi katatu.

Kulindira kumeneku kuli ndi mtengo wace. Mlimi aliyense wosunga cimanga m'nkhokwe adziwa kuti cosungidwa cingapindule kapena kufumbwa. Wosunga vinyo alipira mphesa, migolo ndi anchito lero, koma ndalama adzaziona patapita zaka zisanu kapena khumi, osadziwa ngati ogula adzakhalapo. M'zaka zaposacedwa anthu m'maiko ambiri acepetsa kumwa vinyo wofiira, ndipo mu 2023 migolo ya ku Rioja inadzaza kotero kuti boma la cigawoco linatulutsa ndalama kuti vinyo wotsala achezedwe monga acitira ndi kacasu, asanduke spiriti. Alimi ena analipidwa kuti athyole mphesa zikali zaziwisi ndi kuzitaya. Amene abvutika koposa ndi alimi a minda yaing'ono ogulitsa mphesa ku makampani, cifukwa mtengo ukatsika alibe kwina kopita nazo.

Ngakhale ziri tero, mwambo wa panyumba sunafe. Tsiku la 29 Juni caka ndi caka anthu a ku Haro akwera ku matanthwe a Bilibio atabvala zoyera, nathirana vinyo watsopano mpaka zobvala zisanduka zofiirira. Vinyo wakale samtaya cotero. Iye atuluka pamene banja lasonkhana, mwana akakwatiwa kapena kukolola kukatha, mphika wa mbatata uli pakati pa tebulo ndipo utsi wa nthambi za mpesa ukali kufuka pabwalo.