Diso limene amalume anasiya ku Queens

Tsamba louma la chimanga likhoza kukuchotsetsa diso. Amalume anga a ku Chiradzulu linawakanda nthawi yokolola, tizilombo ta mtundu wa bowa tinalowa pachilondapo, basi nkhani inayambira pomwepo. Kumudzi anawathira madzi a zitsamba, wina n’kuwagulira mankhwala odontheza m’maso osalembedwa ndi dokotala. Ena mwa mankhwala oterewa ali ndi steroid: diso limasiya kufiira, munthu n’kumati ndachira, bowa uja akudya mkati.

Anafika kwathu ku Soche patatha milungu itatu, diso litayera mbuu, mafinya akuchucha, tulo osalawa.

Ku chipatala cha maso cha Lions, pa Queens, dokotala sanazungulire. Disolo silidzaonanso, ndipo likasiyidwa matenda akhoza kufalikira mkati mwa mutu. Mayi anga anagwira dzanja la amalume: “Achimwene, tiyeni tikayese kaye mapemphero.” Iwo anangofunsa chimodzi: “Adokotala, ndiye nditsala ndi dzenje kumaso?”

Funso limeneli ndi limene limathawitsa anthu ambiri, ndipo ine sindiwaseka. Koma opareshoniyi si mmene timaiganizira. Pa matenda ngati awa, nthawi zambiri amachita evisceration: amachotsa zamkati mwa diso n’kusiya chikopa choyera chija pamodzi ndi minofu yoyendetsa diso. Kuchotsa diso lonse, enucleation, amachita makamaka pakakhala khansa. Pamalo potsalapo amaikapo kampira kochepera suku kuti nkhope isafwafwanike; mafinya akachuluka amayamba adikira kuti pauma. Pakatha milungu 6 mpaka 8, chilonda chitapola, m’pamene amaika diso lopanga, kachigoba kopentedwa mofanana ndi linzake. Siliona ayi, koma limasunthako pang’ono, ndipo munthu amalivula n’kulitsuka yekha.

Chimene chinawavuta kwambiri si kalilole. Ndi tiyi. Diso limodzi limanamiza kutalika kwa zinthu, ndiye masiku oyamba ankathirira pambali pa kapu, pa masitepe akupondera m’mwamba. Kuwoloka msewu pa Kamba tinkachita kugwirana mkono. Pang’onopang’ono anaphunzira kutembenuza mutu wonse, ndipo magalasi oteteza diso lotsalalo sawavula.

Tsiku lina mu minibasi ya ku Limbe anandinong’oneza: “Mphwanga, kondakitalayu wandiyang’ana kawiri. Wadziwa kapena?” Kondakitala ankangofuna ndalama yake.