Mwala wa mu sokosi

Kwathu ku Malingunde mwana sagula zoseweretsa, amatola. Mvula ikakokolola msewu wopita ku damu la Kamuzu imasiya nsangalabwi zoyera mbee, ndipo ife tinkadzaza nazo matumba mpaka akabudula kubooka. Zobulungira zinali za legeni, zina tinkagawira alongo athu kuti azichitira phada. Zikuluzikulu tinkasungira usiku, chifukwa ukamenyanitsa ziwiri mumdima zimang'anima ngati kachiphaliwali, n'kusiya kafungo kakupsa. Tinabadwa mapasa, choncho chitini chathu cha miyala chinali chimodzi.

Mwala umene tikufuna kukamba tinaupeza tili Sitandade 6, m'chigwembe cha kumunda kwa agogo. Unali wautali ngati chala chamkombaphala, woonekera mkati ngati madzi, wa mbali 6 zosalala, koma wokhota chakumutu ngati ukufuna kucheuka. Agogo atangouona anatilanda. "Uwu si woseweretsa, adzukulu anga. Mwala wotere suonekera munthu chisawawa." Anaumanga m'kansanza n'kuubisa pansi pa chikwama chawo.

Sitinadabwe, poti kwathu miyala ili ndi mbiri. Chakumadzulo kuli Dzalanyama, kumene makolo ankati pathanthwe la Kaphirintiwa padatsala mapazi a anthu oyamba. Phiri la Bunda, kufupi ndi Mitundu, linali malo opemphera mvula. Nalonso phiri lathu la Malingunde lili ndi pyrite, mwala wonyezimira umene wosadziwa amauyesa golide, ndipo tikukula tinkamva za akampani ya ku Australia ya Sovereign Metals amene ankaboola nthaka kufufuza graphite, uja amakhala m'kati mwa pensulo. Aliyense ankayembekeza kanthu kuchokera m'miyala: ena mvula, ena ndalama, agogo mwayi.

Patapita zaka 6, patchuthi chomaliza tisanalembe MSCE, agogo anatiyitanira kuseri kwa nkhokwe. Anamasula kansanza kaja nati, "Tengani. Polowa m'chipinda cha mayeso ukhale pathupi. Mutu suuma." Nthawi imeneyo n'kuti tili pasekondale ya mpingo, tinabatizidwa tili Fomu 2, ndipo mipango yathu ya Pathfinder inali m'sutikesi. Za zithumwa tinkadziwa bwino lomwe, mavesi ake tinkatha kuwanena pamtima. Koma tinalandira ndi manja awiri. Fizi ya anthu awiri inali itadya mbuzi zonse za pakhomo ndi soya wa zaka zitatu, ndiye kulephera kunkatiopsa kuposa tchimo. Komanso agogo amene anakulera umawakanira bwanji chinthu chimene akusungira zaka 6?

Vuto linali lakuti mwala ndi umodzi, olemba ndi awiri. Tinagwirizana zosinthana: pepala ili uyu, linalo uyo. Popeza oyang'anira mayeso amapisa m'matumba, tinkaulowetsa mu sokosi. M'mawa uliwonse tinkagwada ndi anzathu kupempha nzeru kwa Mulungu, kenako woutenga tsikulo ankawerama ngati akumanga nsapato, n'kukhudza pakakolo kuti atsimikize kuti ulipo. Tikakumbuka, manyazi athu ali pa kuwerama kumeneko.

Zotsatira zitatuluka, tonse tinakhoza. Agogo anavina, natamanda mwala. Ife tinayika makalata athu pamodzi n'kuwerengera. Masamu, amene anatenga mwala ndiye anatsalira. Bayoloje, amene anautenga ndiye anapambana. Chingerezi tinafanana. Amene ankadzuka usiku kuwerenga phunziro lina ndiye analikhoza bwino, mwala ulipo kapena palibe. Tinaona zimenezi, komabe sitinautaye. Mmodzi wa ife anabwera nawo kuno ku koleji.

Tsiku lina mu laibulale tinafufuza pa intaneti za miyala yokhota, ndipo tinakumana ndi dzina lakuti gwindel, lochokera ku liwu la Chijeremani lotanthauza chopotoka. Ndi mtundu wa quartz, banja limodzi ndi nsangalabwi zathu, koma wosowa kwambiri. Umapezeka makamaka m'mapiri a Alps: ku Uri ndi ku Graubünden m'dziko la Switzerland, ndiponso ku Mont Blanc. Umakula pang'onopang'ono m'ming'alu ya matanthwe momwe munali madzi otentha, ndipo m'malo moima chilili umakula chammbali, n'kumapotoka ngati mabuku osanjikiza amene lililonse mwalitembenuzako pang'ono. Yambiri imakhala yofuwirira ngati utsi. Anthu amene amakasaka miyalayi amatchedwa Strahler. Amakwera ndi zingwe m'malo a chipale chofewa, ndipo ena amasiya moyo komweko. Tinazindikiranso kuti wathuwu si gwindel. Ndi quartz wamba amene mwina anasweka ali pansi n'kulumikizikanso mokhota.

Chimene chinatigwira mtima ndi masamba a ogulitsa. Pambali pa mtengo amalembapo kuti mwalawo umatsegula maganizo, umachotsa mikwingwirima, umateteza mwini wake. Tinaseka mpaka woyang'anira laibulale anatiyang'ana: kani azungu nawonso ali ndi zithumwa, kungoti zawo amalipira ndi khadi ya kubanki! Koma kusekako sikunakhalitse. Munthu wa ku Zürich woyika mwala pansi pa pilo ndi ife owerama pa sokosi tinali amodzi. Tonse tinali ndi mantha, ndipo tinkafuna chinthu choti tichigwire m'manja.

Chodabwitsa n'chakuti quartz alidi ndi mphamvu, koma si imene amamunamizirayo. Pamuyeso wa kulimba kwa miyala wa Mohs, umene umalekeza pa 10, iye ali pa 7, n'chifukwa chake amakanda galasi. Mu 1880 abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti ukamufinya amatulutsa magetsi pang'ono. Ukamupatsa magetsi, amanjenjemera mosaphonya. M'wotchi ya batire muli kachidutswa kake kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse, ndipo ndiko kamasunga nthawi. Wotchi yapakhoma ya agogo, yolembedwa kuti Quartz pankhope, yakhala ikuwauza nthawi yolowera Sabata ya adzukulu awo kwa zaka zambiri. Mphamvu imeneyi ndi yoyezeka, imagwira kwa wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe. Koma palibe anayezapo mwala n'kupeza kuti umakumbutsa munthu masamu amene sanaphunzire.

Baibulo silidana ndi miyala yokongola. Pa Eksodo 28 chapachifuwa cha mkulu wa ansembe chinali ndi miyala 12. Pa Yoswa 4 anthu anatola miyala 12 mu Yordano kuti ana akadzafunsa adzauzidwe zimene Mulungu anachita. Miyalayo inali yokumbutsa, osati yopulumutsa. Koma pa 2 Mafumu 18 timawerenga za njoka yamkuwa imene Mose anapanga: inayamba ngati chinthu chabwino, anthu n'kuyamba kuifukizira zonunkhira, mpaka Hezekiya anaiphwanya. Njoka inali yomweyo. Chinasintha ndi mitima. Nafenso mwala tinautola ngati choseweretsa, n'kuusandutsa chodalira.

Nkhaniyi ikanathera pomwepa pakanapanda mlongo wathu wamng'ono. Tchuthi chapitachi, akukonzekera mayeso a Sitandade 8, anatitsatira kudimba n'kunong'ona, "Achimwene, agogo akuti mundibwereke mwala uja." Tinasowa chonena. Kumupatsa kunali kumuphunzitsa kuwerama kumene ife tikuchita nako manyazi. Kumukaniza ndi mavesi okha kunali kumusiya ndi mantha ake, poti chimene ankapempha kwenikweni si mwala ayi. Ankaopa ma fraction.

Usiku umenewo tinazimitsa nyali n'kumenyanitsa nsangalabwi ziwiri kuti aone kung'anima. Tinamupatsa mwala wokhota uja akande nawo botolo. Tinatsitsa wotchi ya agogo n'kumuuza za kachidutswa kam'kati. Kenako tinamuonetsa makalata athu a MSCE n'kumuululira zonse, za sokosi zomwe. Anaseka mpaka misozi. Kuyambira tsiku limenelo madzulo aliwonse tinkakhala naye pamphasa, kupemphera kaye, kenako kugawa chinangwa pawiri, panayi, pasanu ndi patatu, mpaka ma fraction analowa.

Kwa agogo ndiye kunali kovuta. Tinagwada n'kuwauza kuti, "Agogo, chimene chinatikhozetsa ndi Mulungu, ndi mbuzi zanu zija." Anakhala chete nthawi yaitali, akusenda mtedza. Kenako anati, "Ndiye mumupempherere kwambiri mwanayo, poti mwala mwamulanda." Sanavomere, ndipo sitinawakakamize.

Pamene tikulemba pano zotsatira za mlongo wathu sizinatuluke. Akalephera, tikudziwa chimene chidzanenedwe pakhomo, ndipo tidzayenera kuchipirira. Mwala uli pawindo la chipinda chathu ku hositelo, ndi kapepala kolemba dzina lake, malo amene tinautola ndi kulimba kwake. Tikadzapatsidwa kalasi yathu yoyamba tidzapita nawo, pamodzi ndi botolo loti ana akande, chifukwa tikudziwa kuti m'kalasi imeneyo mudzakhala wina ali ndi kanthu mu sokosi.